Ku Derby, kumene njinga zadzutsa tawuni ya migodi

Msewu wochokera ku Launceston kupita ku Derby suthamangika. Ndi makilomita pafupifupi 100 okha, koma ukangotuluka m'minda ya kunja kwa mzinda umayamba kukwera mokhotakhota pamalo otchedwa The Sideling, nkhalango ili uku ndi uku, moti wodziwa njirayi amapatula ola ndi theka. Ukatsikira ku Scottsdale pali minda ya mbatatesi ya dothi lofiira ndi ng'ombe za mkaka. Kenako Branxholm. Kenako msewu umagwera m'chigwa cha mtsinje wa Ringarooma, ndipo mlendo amazindikira kuti wayandikira poona magalimoto amene akukumana nawo: pafupifupi iliyonse yabereka njinga kumbuyo, matayala ali matope okhaokha.

Kuno ndi kumpoto chakummawa kwa Tasmania, chilumba chimene chili kummwera kwa Australia, ulendo wa ola limodzi pa ndege kuchokera ku Melbourne. Derby ndi katawuni ka msewu umodzi, ka nyumba zamatabwa zofolera malata zimene zakhala pakati pa phiri ndi mtsinje. Kalembera wa mu 2016 anapezamo anthu 173. Koma munthu akafika Loweruka m'mawa nyengo yotentha sangakhulupirire chiwerengero chimenecho. Pakhonde pa sitolo iliyonse payedzamira njinga. Ena akupopa matayala, ena akudzoza tcheni, ana ovala zipewa zoteteza mutu akuzungulirazungulira pa kabwalo ka timizumbira pafupi ndi mtsinje, ndipo maminibasi okoka ngolo zonyamulira njinga akudikira anthu okwera nawo kuphiri.

Tawuniyi inabadwa ndi mtapo wa tini, chitsulo chofewa chija chimene amakutira zitini kuti zisachite dzimbiri. M'zaka za m'ma 1870 anyamata apachibale a banja la Krushka anatsegula mgodi umene anautcha Brothers' Home, ndipo malowa ankadziwika ndi dzina limenelo mpaka mu 1887 pamene anawatcha Derby. Mgodi waukulu wa Briseis unadzakhala umodzi mwa migodi ya tini yolemera kwambiri m'dziko la Australia, ndipo anthu m'derali anafika pafupifupi 3,000. Mtapowo ankaupeza pogumula phiri ndi madzi othamanga m'mapaipi aakulu, choncho anamanga damu pa mtsinje wa Cascade, kumtunda kwa tawuni. Pa 4 Epulo 1929, mvula itagwa masiku angapo osalekeza, damu lija linaphulika. Madzi anatsika ndi mitengo ndi miyala, n'kukokolola nyumba, n'kudzaza mgodi. Anthu 14 anamwalira. Mgodi unatsegulidwanso patapita zaka zingapo, koma mphamvu zake sizinabwererenso, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 unatsekedwa. Kuchokera apo Derby inangokhala malo odutsapo. Achinyamata ankapita kukasaka ntchito kutali, nyumba zinkasowa ogula.

Zinthu zinatembenuka pamene makhonsolo awiri oyandikana, la Dorset ndi la Break O'Day, anagwirizana zolambula njira za njinga m'nkhalango zozungulira tawuniyi. Ntchito yoyamba inadya madola a ku Australia pafupifupi 3.1 miliyoni, ndipo ochuluka mwa iwo anachokera ku boma lalikulu ku Canberra. Anaitana kampani ya World Trail ya a Glen Jacobs a ku Cairns, amene anakonza njira ya mpikisano wa njinga za m'mapiri pa masewera a Olympics a ku Sydney mu 2000. Mu Febuluwale 2015 gawo loyamba la njirazi, zotchedwa Blue Derby, linatsegulidwa. Lero njirazi zikupitirira makilomita 100, ndipo palibe amene amalipira kuti ayendemo.

Mlendo wanzeru sayamba ndi phiri. Masana a tsiku lofika amabwereka njinga pa imodzi mwa sitolo za mu msewu waukulu, n'kuimva kaye. Njinga zake n'zamatayala onenepa amano, za masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo, mabuleki ake ogwira ndi chala chimodzi, ndipo chishalo chimatsika munthu akangodina kabatani pa chiwongolero, kuti potsetsereka thupi likhale pansi. Pachikwangwani cha poyambira njira iliyonse yapatsidwa mtundu wake. Yobiriwira ndi ya aliyense, yabuluu ifuna munthu wozolowera, yakuda ndi ya akatswiri. Njira yofewa yoyambira imazungulira Lake Derby, nyanja yaing'ono ya madzi ozizira imene ndi dzenje la mgodi wa Briseis uja litadzaza. Palinso njira yolowa m'ngalande ya pansi pa phiri imene anthu a migodi anaboola kalekale. Mkati mwake ndi mozizira, denga lili pafupi ndi mutu, timagetsi tikuwala mwa apo ndi apo, ndipo phokoso la matayala limamveka kawiri. Ana amakuwa dala kuti amve mawu awo akubwerera.

Kukoma kwa njira zimenezi kumamveka m'thupi munthu asanadziwe chifukwa chake. Njinga imatsika, kenako njira imadzuka pang'ono n'kuchepetsa liwiro popanda kugwira buleki, kenako imakhota, ndipo pokhotapo dothi laumbidwa lopendekera mkati kotero kuti matayala amakanirira m'malo moterereka. Wokwera amaona ngati luso ndi lake. Mbali yaikulu ya lusolo ndi ya anthu amene anadutsa pamenepo miyezi yambiri m'mbuyomo, wapansi, atavala majombo.

Njira imayamba ndi kuyenda. Wokonza amalowa m'tchire lowirira atanyamula kachida koyezera kutsetsereka kwa phiri ndi timaliboni towala tomanga pa nthambi. Amafunafuna zinthu zimene wokwera adzakondwere kuziona, monga thanthwe lalikulu, mtengo wakale, kapena poonekera chigwa chonse, ndipo amafunanso malo oti awazembe: pa chinyontho chosauma, pa mizu ya mitengo ikuluikulu, pa zisa za mbalame. Mzere ukagwirizanidwa ndipo a zachilengedwe akavomereza, m'pamene kamabwera kakatapila kakang'ono kosafika matani awiri, kopapatiza moti kamadutsa pakati pa mitengo iwiri osaikhudza. Kamachotsa dothi lakuda la pamwamba, limene ndi masamba owola ndipo silingagwire, kufikira kapeze dothi lolimba la pansi. Kamasema njira m'mbali mwa phiri ngati shelefu. M'mbuyo mwake mumabwera anthu ndi makasu, mapiki, mafosholo ndi migwala, kusalaza, kupondereza, ndi kubwezera ndere ndi masamba m'mphepete kuti chilonda cha nthaka chipole msanga. Pakatha nyengo imodzi ya mvula, njira yatsopano imaoneka ngati inalipo kuyambira kale.

Mdani wa ntchito yonseyi ndi madzi. Madzi akapeza njira yolunjika kumunsi amaitenga kukhala mtsinje wawo, ndipo mvula ziwiri zitatu zimakwana kuisandutsa chigwembe. Bungwe la International Mountain Bicycling Association, limene linakhazikitsidwa ku America mu 1988, linafalitsa malamulo amene okonza njira m'mayiko ambiri amaphunzira. Limodzi limati njira isatsetsereke kuposa theka la kutsetsereka kwa phiri limene ikudutsa: ngati phiri likutsika mamita 20 pa mamita 100 alionse, njira yodula m'mbali mwake isatsike kuposa mamita 10 pa mtunda womwewo. Lina limati pamwamba pa njira papendekere kunja pang'ono, masentimita 5 pa mita imodzi, kuti madzi angodutsa chopingasa n'kupitirira. Lina limati njira yotsika izidzuka pang'ono pafupipafupi, kuti madzi amene ayamba kuitsatira apeze potulukira. Mlimi wa m'mbali mwa phiri la Dedza kapena Ntcheu amene anaikapo akalozera m'munda mwake angamve nkhaniyi msanga, pakuti nzeru yake ndi yomweyo: madzi asapatsidwe mpata wothamanga. Chosangalatsa n'chakuti timitunda ndi timitsetse tomwe timapulumutsa njira ku madzi ndi tomwenso timapatsa wokwera kuyandama kuja kumene wabwerera kuchokera kutali.

Pamene madzi sangazembeke, amayala miyala. Ndi ntchito yowawa msana. Mwala wolemera kuposa munthu amausuntha ndi migwala pang'onopang'ono, kuutembenuza mpaka nkhope yake yosalala iyang'ane kumwamba, kuukhazika m'dzenje lake, kuutsekera timiyala m'mbali, kenako wina n'kuimapo n'kudumphadumpha kuti aone ngati ukugwedera. Ukagwedera amauzulanso. Ku Derby miyala ya granite ili paliponse, ndipo okonza anaigwiritsa ntchito mosaumira. Pali malo pamene njira imakwera pamwamba pa thanthwe lenileni, popanda dothi n'komwe, tayala likugwira mwala wokhakhala.

Tsiku lalikulu la ulendowu ndi la ku phiri la Blue Tier. Minibasi imanyamuka m'mawa, njinga zitamangidwa pa ngolo, n'kukwera msewu wafumbi mpaka ku Poimena, pamwamba pa phiri pamene kale panali mudzi wa anthu a migodi. Lero pangotsala chidikha cha udzu ndi zitsamba, ndi mphepo yobaya ngakhale mu Januwale. Anthu amatsika akunjenjemera, kuvala majekete, kuyesa mabuleki. Poyamba njira imayenda pamtetete, pakati pa miyala ndi timitsinje ta madzi oyera, ndipo kukakhala kopanda mitambo nyanja yaikulu imaoneka chapatali kummawa. Kenako imalowa m'nkhalango, ndipo kuwala kumasintha nthawi yomweyo.

Nkhalango ya kuno ndi yamvula koma yozizira. Mitengo ya myrtle ya timasamba ting'onoting'ono yakutidwa ndere kuyambira kutsinde mpaka kunthambi. Pansi pake pali zomera za fern zazitali kuposa munthu, zotambasula masamba pamwamba pa njira kotero kuti wokwera amadutsa kunsi kwake ataweramitsa mutu. Fungo lake ndi la dothi lonyowa ndi mitengo yowola. Nthawi zina kanyama ka pademelon, kachibale kakang'ono ka kangaroo, kamadumpha kudutsa njira n'kuzimirira. Woima nthawi yaitali pa chinyontho amayenera kuyang'ana m'masokosi, chifukwa misundu ilipo ndipo sichedwa. Kumunsi pang'ono kumayamba mabulugamu, pakuti kwawo kwenikweni kwa mitengo imene yadzaza m'minda ya ku Malawi ndi kuno ku Australia. Koma a kuno ndi ena. Mtundu wa Eucalyptus regnans uli pakati pa mitengo yaitali kwambiri yochita maluwa padziko lapansi. Mtengo wina wa mtunduwu kummwera kwa chilumbachi anauyeza mu 2018 n'kupeza kuti wangopitirira mamita 100. Njinga ikamadutsa patsinde pa mtengo wotere, munthu amalephera kuona kumene wathera.

Chakumapeto njira imamasuka n'kukhala makona otsatizana, lina kumanzere lina kumanja, njinga ikugona uku ndi uku. Apa ndi pamene anthu akuluakulu, ena a imvi, amamveka akukuwa okhaokha m'nkhalango. Pakatha makilomita pafupifupi 20 amatulukira ku Weldborough, miyendo ikunjenjemera, nkhope zili madontho a matope, n'kukakhala pabwalo la hotela yakale ya pamenepo kudikira chakudya.

Weldborough nayo ili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1880 kuno kunali anthu ambiri ochokera ku China amene ankasefa tini m'mitsinje. Anamanga kachisi wawo, ndipo anthuwo atatha kuchoka, zinthu za m'kachisimo zinasamutsidwira ku Queen Victoria Museum ku Launceston kumene zikusungidwa mpaka lero. M'nkhalango monsemu mukadali ngalande zimene anthu a migodi anakumba zotengera madzi, ndipo zina mwa njira za njinga zimatsata ngalande zomwezo, popeza amene anazikumba anayeza kale kutsetsereka kwa phiri mosamala.

Masana ndi a Atlas, njira yobwerera ku Derby. Iyi ndi yolimbirapo: mizu yoterera, miyala yoti munthu asankhe msanga podutsa, ndi zikweza zimene zimabwera pamene miyendo yatopa kale. Imakathira mu Dam Busters, njira yodutsa m'mbali mwa damu la Cascade limene linamangidwanso pambuyo pa ngozi ya 1929. Kuchokera pamenepo mtsetse wautali umatsikira kutawuni, m'chigwa chomwe madzi aja anadzera.

Mbiri ya Derby inafika kutali mu Epulo 2017, pamene mpikisano wa Enduro World Series unachitikira kuno, mvula ikugwa. Adrien Dailly anapambana kwa amuna ndipo Isabeau Courdurier kwa akazi, onse a ku France. Koma chimene anthu anatsala akukamba ndi njira ya Detonate, imene pena imapanikizika pakati pa matanthwe awiri aatali, mpata wake wongokwana chiwongolero. Zithunzi za okwera akudzipanikiza pampatapo zinazungulira dziko lonse, ndipo njirayo inasankhidwa kukhala yopambana pa njira zonse za mpikisanowo chaka chimenecho. Mpikisano unabweranso mu 2019. Mlendo wamba akhoza kupita wapansi kukaona mpatawo, ndipo ambiri akauona amakhutira ndi kuona kokhako.

Chitukuko chimenechi chabwera ndi zowawa zake, ndipo munthu sachedwa kuzimva akacheza ndi anthu a m'tawuni. Nyumba zimene kale zinkasowa ogula zinakwera mtengo kangapo, ndipo zambiri zinasanduka zogona alendo a masiku awiri atatu. Wachinyamata wogwira ntchito yokonza njinga kapena yophika amavutika kupeza pokhala m'tawuni momwe akugwira ntchitomo. Usiku wa pakati pa sabata m'nyengo yozizira, nyumba zambiri zimakhala zamdima. Komanso njira yaulere ili ndi woilipirira. Khonsolo ya Dorset ili ndi gulu la antchito amene ntchito yawo ndi kuyenda m'njirazi kudula mitengo yogwa, kutsegula potulukira madzi ndi kuumbanso makona amene mabuleki akumba. Mu Okutobala 2022 mvula yamphamvu inagumula mbali ya phiri pamwamba pa tawuni n'kukokolola zigawo za njira zingapo, ndipo panapita miyezi akukonza.

Nkhani yovuta koposa ndi ya mitengo. Mbali ina ya nkhalango imene njirazi zikudutsa ndi malo amene boma la Tasmania linapatula kuti azidulamo matabwa, ndipo ali m'manja mwa kampani ya boma ya Sustainable Timber Tasmania. Pamene kudula kunayandikira njira za Krushka's ndi Atlas, gulu la anthu a m'derali lotchedwa Blue Derby Wild linakana, n'kufika nayo nkhaniyi kukhoti. Odula amati amasiya lamba wa mitengo m'mbali mwa njira, ndiponso kuti njirazo zinalambulidwa aliyense akudziwa kuti malowo ndi a matabwa. Mawu awo sangangotayidwa, chifukwa mabanja ambiri m'derali akhala akudya za matabwa kwa mibadwo, ndipo macheka akuluakulu a ku Scottsdale atatsekedwa anthu ambiri anataya ntchito. Komabe lamba wa mitengo si nkhalango. Mphepo imalowa, chinyontho chimachepa, ndipo wokwera amaona kuwala kwa pamalo ometedwa kudzera m'mipata ya mitengo. Chimene chimakoka munthu kuwoloka nyanja ndi njinga yake ndi mitengo ya zaka mazana ija, imene ikadulidwa palibe wamoyo lero amene adzaionenso itabwerera. Pa mlandu uwu mtengo woimirira wasonyeza kale poyera kuti umabweretsa ndalama chaka ndi chaka, ndipo m'madera oyandikana ndi njirazi uyenera kusiyidwa.

Matawuni ena a pachilumbachi anaona zimene zachitika ku Derby n'kutengerapo. St Helens, tawuni ya asodzi kugombe la kummawa, inatsegula njira zake mu 2019. George Town ili nazo, ndipo Queenstown, tawuni ya migodi ya kopa kumadzulo, inalambula zake pa phiri la Mount Owen.

Wokhala ndi tsiku lina lapadera amabwerera ku Poimena kukayamba njira ya Bay of Fires, ya makilomita 42, yochoka pamwamba pa phiri mpaka kunyanja. Gawo loyamba ndi mtsetse wa m'nkhalango yonyowa ija. Kenako dziko limasintha: dothi limayera n'kukhala lamchenga, mitengo imatalikirana, dzuwa limayamba kuwotcha, ndipo pamabwera chikweza chachitali pakati pa matanthwe. Panjira pali malo otsukira njinga, ndipo aliyense amayenera kuima. Chifukwa chake ndi Phytophthora cinnamomi, kachilombo ka m'dothi kamene kamaoletsa mizu ya zomera zambiri za m'tchire la ku Australia. Kamayenda m'matope omatirira ku matayala ndi ku nsapato, ndipo kakalowa m'dera palibe njira yokachotsera. Choncho anthu amene mphindi zapitazo amathamangitsana amaima pamzere, kutsuka matayala, kuchotsa matope kunsi kwa chishalo ndi m'mano a nsapato, asanapitirire. Okonza njira anadziwa kuti msewu umene atsegulira anthu ndi womwewonso matenda a nkhalango angadzere.

Gombe limene njirayi imathera analitcha Bay of Fires ndi Tobias Furneaux, woyendetsa sitima ya ku Britain, amene mu 1773 anaona moto wa eni dziko, Aaborijini a ku Tasmania, ukuyaka m'mphepete mwa nyanja. Eni akewo amalitcha larapuna, ndipo zidzukulu zawo zilipo mpaka lero. Njira imatsika komaliza m'makona a mchenga woyera n'kuthera pa Swimcart Beach, pamene miyala ya m'mbali mwa nyanja yapakidwa ndere zofiirira ngati malalanje. Madzi ake ndi ozizira kwambiri ngakhale m'chilimwe, koma ambiri amagwetsa njinga pamchenga, kuvula nsapato n'kuthamangiramo ndi zovala zomwe, akukuwa. Woyendetsa minibasi amawapatsa mphindi zochepa, kenako amayamba kukweza njinga pa ngolo, chifukwa kubwerera ku Derby kudzera pa Weldborough Pass ndi ulendo wopitirira ola, ndipo kukada nyama za m'tchire zimadzaza mumsewu.